Gwirani Mbava, Musatitseke Pakamwa

Pali mawu amene abwereranso m'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, mawu amene ambiri a ife tidaganiza kuti tidawakwirira pamodzi ndi makhadi a chipani m'chaka cha 1994. Mawuwo ndi akuti, "Mutimangitsa." Kale ankanenedwa monong'ona pamowa, m'basi ngakhalenso pasiwa, munthu akatchula dzina la mtsogoleri mosasamala. Lero akulembedwa pafoni. Munthu akangofunsa pagulu la WhatsApp kumene kwalowera chimanga cha thandizo, kapena chifukwa chimene dzina lake lasowera m'kaundula wa feteleza wotsika mtengo, sipatenga nthawi mnzake amamuuza kuti afufute msanga zimene walembazo. Woyang'anira gulu naye, poopa kudzatengedwa, amamuchotsa wofunsayo, ndipo funso lija limafera pomwepo.

Ine ndikuti mantha amenewa sadagwe kumwamba ngati mvula. Adachita kubzalidwa, ndipo owabzala ndi maboma athu omwe, lililonse panthawi yake. Lamulo limene tidauzidwa kuti labwera kudzateteza anthu wamba pa intaneti lasanduka chishango cha akuluakulu amene safuna kunenedwa, pomwe mbava zimene zikudya thukuta la msodzi kudzera pafoni yomweyo zikugona tulo tabwino. Izi ndi zimene ndikufuna tikambirane, abale anga, mosapsatira mawu.

Tiyambe ndi kuvomereza zimene foni yatichitira ife a kunyanja, chifukwa amene amakhala m'maofesi ku Lilongwe amaiona ngati chidole chochezerapo. Msodzi wa ku Chia, ku Sani kapena ku Ngala asadatsitse usipa m'boti amakhala atamva kale mtengo wa ndowa kumsika wa ku Lilongwe ndi ku Kasungu, motero wogula sangamunamizenso ngati kale. Mayi woyanika nsomba pathandala amalandira ndalama zake pa Airtel Money kapena pa Mpamba osakwera basi ndi chikwama m'chiuno. A zanyengo akachenjeza za mwera, uthenga umafika padoko anthu asadakankhe mabwato. Mwana wathu amene ali ku Johannesburg amaona nkhope ya mayi ake ali pakhonde kwa Malengachanzi. Kumapeto kwa February 2024, madzi osefukira atagwetsa nyumba ndi kudula msewu m'dera la Dwangwa, zithunzi zimene anthu ankatumizirana pafoni ndizo zidathandiza kuti dziko lidziwe msanga kukula kwa tsokalo. Foni kwa ife ndi msika, ndi banki, ndi positi ofesi, komanso ndi bwalo. Ndipo bwalo ndilo akuluakulu akuliopa.

M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, loona za malonda ndi chitetezo pa makina a intaneti, ndipo bungwe la MACRA lidapatsidwa udindo waukulu m'menemo. Zambiri m'lamuloli ndi zofunika, sindikana. Limaletsa kuthyola makompyuta a eni, limaletsa kufalitsa zithunzi zolaula za ana, ndiponso limapereka mphamvu ku mapangano ochitikira pa intaneti. Koma mkati mwake muli magawo, monga gawo 86 ndi gawo 87, amene amakamba za kuzunza munthu kapena kumusowetsa mtendere ndi mauthenga. Mawu ake ndi otambasuka ngati chilimira, amakola chambo pamodzi ndi tiana ta usipa. Kodi nduna ikawerenga mawu oidzudzula n'kusowa tulo, wolembayo waisowetsa mtendere? Wapolisi akafuna kunena kuti inde, lamulo silimuletsa.

Taonani amene agwidwa mu ukondewu. Mu May 2022 namwino wina wa ku Ntcheu adamangidwa chifukwa cha mawu amene adalemba pagulu la WhatsApp okhudza Pulezidenti Lazarus Chakwera. Masiku omwewo bambo wina adatengedwa ku Lilongwe pomuganizira kuti adanyoza nduna, pa WhatsApp pomwepo. Mu May 2024 mnyamata wina wa ku Mponela m'boma la Dowa adaweruzidwa kuti alipire chindapusa cha K200,000 kapena akakhale kundende miyezi isanu ndi umodzi. Mlandu wake udachokera pa kakanema koseketsa koonetsa chithunzi cha Pulezidenti chikuvina, kamene adatumiza pagulu la kwawo. Atolankhani nawo sadasiyidwe. Mu April 2022 apolisi adagwira Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, namulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene adamutsina khutu pankhani ya katangale. Mu April 2024 mtolankhani Macmillan Mhone adagona m'chitokosi kaamba ka nkhani imene idatuluka pa intaneti. Mwa onsewa palibe amene adaba tambala ya munthu.

Wina angaganize kuti ndikulimbana ndi chipani chimodzi. Ayi ndithu. Mu February 2016, boma lili m'manja mwa DPP, akuluakulu atatu a MCP, Jessie Kabwila, Ulemu Msungama ndi Peter Chakhwantha, adamangidwa chifukwa cha zokambirana za pa WhatsApp zimene boma lidati zinali chiwembu chofuna kuligwetsa. A MCP adalira mokweza kuti ufulu ukuponderezedwa, ndipo adalondola. Mu April 2019 munthu wina adamangidwa chifukwa choyerekeza mayi wa fuko ndi kachidole ka m'kanema pa Facebook. MCP italowa m'boma m'chaka cha 2020 idaipeza ndodo ija ili pakona, ndipo m'malo moithyola idainyamula. Chisankho cha pa 16 September 2025 chidabwezeretsa Peter Mutharika ndi DPP pampando. Amene dzulo ankakwapula lero ndi amene angakwapulidwe. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, koma andale athu mwambi umenewu amaukumbukira akakhala kotsutsa basi.

Ife a ku Nkhotakota tili ndi chifukwa chapadera chosagonera tulo pankhaniyi. Kunali kuno, m'chaka cha 1960, pamsonkhano waukulu wa Malawi Congress Party, pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda adapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Makolo athu adaomba m'manja ndi mtima woyera. Atsamunda anali asadachoke, chitaganya chinali chisadathe, ndipo aliyense ankaona kuti umodzi ndiwo mankhwala. Palibe amene ankaganiza kuti pofika 1966 dziko lidzakhala la chipani chimodzi, kuti m'chaka cha 1968 kudzabwera lamulo lopatsa Censorship Board mphamvu yosankhira anthu mabuku, nyimbo ndi masewero, kapena kuti m'chaka cha 1971 munthu yemweyo adzakhala Pulezidenti wamuyaya wa dziko lonse. Pakamwa sipatsekedwa tsiku limodzi. Pamayamba ndi chifukwa chomveka bwino, monga umodzi, ulemu kapena chitetezo, ndipo anthu amadzazindikira chingwe chitafika kale pakhosi.

Ife olemba sitiyenera kuchita kukumbutsidwa zimenezi. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mwini wake adamangidwa pa 25 September 1987 nakhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Nanga chidatsegula pakamwa pa Amalawi nchiyani? Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika idawerengedwa m'matchalitchi, ndipo boma lidalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu. Komabe idayenda m'manja ndi m'manja. Makina a fakisi ndi ochulukitsira mapepala m'maofesi adagwira ntchito usiku, kufalitsa makalata amene wailesi ya MBC sikadawaulutsa, ndipo ambiri adamangidwa chifukwa cha mapepala amenewo. Riferendamu ya pa 14 June 1993 idabadwa m'njira imeneyo. Makina amene boma la nthawi imeneyo linkati ndi ofalitsira mabodza ndi amene adathandiza kuti lero tikhale ndi gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko, lopatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi. Foni ya lero ndi mdzukulu wa fakisi ija.

Tsono ndimve mbali ya anzanga amene amati popanda chingwe intaneti itimaliza. Iwo amati bodza limapha, ndipo akunena zoona. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zidayenda ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu olusa. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo ife a kunyanja sidatisiye, kudamveka mabodza akuti achipatala ndiwo akubaya anthu matendawo, mpaka zipatala zina zidaphwanyidwa. Nthawi ya Covid-19 mauthenga onama okhudza katemera adazungulira m'mafoni athu onse. Amene adaika maliro chifukwa cha mabodza otere ali ndi ufulu wofunsa kuti boma lidali kuti.

Koma tifunse bwino: kodi mphekesera idabwera ndi foni? Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu ataphedwa motsatizana ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, mbiri idawanda yakuti boma likupopa magazi a anthu kukabwezera ngongole ku South Africa. Nthawi imeneyo kudalibe WhatsApp, wailesi inali imodzi, nyuzipepala zinali m'manja mwa boma, ndipo akazitape adali paliponse. Kumapeto kwa 2002 anamapopa adamvekanso kum'mwera, mafoni a intaneti asadafike m'midzi. Mphekesera imamera pamene anthu sakhulupirira olamulira ndiponso pamene palibe woti n'kumufunsa. Ukatseka pakamwa pa anthu, bodza silifa. Limangosamukira kuseri kwa nyumba kumene palibe angalitsutse. Bodza lolembedwa pagulu, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo amene ali pagulu lomwelo angathe kuliphwanya nthawi yomweyo. Bodza lonong'onedwa pachitsime limakula mpaka kunyamula zikwanje.

Ndiponso taonani ngati omangidwa aja ali ofalitsa mabodza akupha. Namwino wa ku Ntcheu sadatume gulu kukaotcha munthu. Mnyamata wa ku Mponela sadaletse mwana kulandira katemera. Adakhumudwitsa akuluakulu, basi. Chifukwa chimene amatipatsa pokhazikitsa malamulowa ndi china, ntchito imene malamulowa akugwira ndi ina.

Pomwe apolisi akuthamanga ndi galimoto kukatenga woseka Pulezidenti, tamverani zimene zikuchitikira anthu wamba. Palibe mudzi m'mbali mwa nyanja muno umene ulibe munthu wolira chifukwa cha akathyali a pafoni. Wina amalandira uthenga wakuti wapambana mphoto, angotumiza kandalama kochepa. Wina amaimbiridwa kuti mwana wake wagwa kusukulu, atumize ya thiransipoti msanga. Wina amauzidwa kuti ndalama zalowa mwangozi mufoni mwake, azibweze. Mayi amene wasunga phindu la usipa la mwezi wathunthu amalitaya m'kuphethira kwa diso. Akapita kukadandaula amauzidwa kuti nambalayo yazimitsidwa, adzabwerenso. M'chaka cha 2018 tonse tidaima pamizere kulembetsa manambala athu ndi zitupa za unzika, atatilonjeza kuti zimenezi zithetsa umbava wotere. Chikhalirecho akuluakulu a boma omwe akhala akuvomereza kuti ena mwa mafoni achinyengowa amaimbidwa kuchokera m'ndende, makamaka ya ku Zomba. Munthu ali kale m'manja mwa boma, kuseri kwa mpanda wa boma, koma akubera msodzi wa ku Dwambazi. Boma lomwelo limapeza msanga nyumba ya munthu amene watukwana nduna.

Chimodzimodzinso mtsikana amene chibwenzi chake chakale chamwaza zithunzi zake zamseri m'magulu a m'tauni. Uyu ndiye wozunzidwa weniweni amene gawo 86 lidayenera kumuteteza. Koma kawirikawiri iye ndi amene amasanduka choseketsa, amasiya sukulu kapena kuthawira kwa azakhali ake kutali, pomwe womwaza uja akumwa tiyi pamsika. Ngati tikufuna chingwe pa intaneti, chiyambe ndi awa.

Ena amabisala kuseri kwa chikhalidwe. Amati Mmalawi satukwana mfumu, ndipo intaneti yaononga ulemu wa ana athu. Inenso kutukwana sindikukonda, ndipo mwana wanga ndikamupeza akutero ndimamudzudzula. Koma kusakonda chinthu ndi kwina, kumangitsa munthu ndi kwina. Komanso amene amanena zimenezi chikhalidwe chathu sakuchidziwa bwino. Amayi pamtondo akhala akuimba nyimbo zodzudzula amuna awo, apongozi ngakhalenso anyakwawa, dzina osatchula koma mudzi wonse n'kumva. Gule Wamkulu ali ndi zilombo zimene ntchito yake ndi kuseka anthu amphamvu, kuyambira mzungu wa msonkho mpaka mfumu yadyera. Adzukulu pamaliro amanena zimene wina aliyense sangayerekeze kunena. Makolo athu adadziwa kuti mudzi wopanda potulutsira mkwiyo umaphulika, ndipo adatisiyira mawu akuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene wapempha mavoti athu, amene akudya misonkho yathu, wavomera kukhala mutu. Asamayembekeze kuti tizimuombera m'manja ngakhale mafuta a injini za maboti asowa ndipo mankhwala kuchipatala kulibe.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chilakolako cha maboma athu chofuna kusuzumira m'mafoni. Zaka zapitazo MACRA idagula makina amene anthu adawapatsa dzina lakuti makina a ukazitape, ndipo nkhaniyo idakhala m'mabwalo a milandu zaka zingapo. M'chaka cha 2011, pa zionetsero za pa 20 July zimene zidaphetsa anthu 20, bungwe lomweli lidaletsa mawailesi oima paokha kuulutsa zimene zinkachitika m'misewu. Kumayambiriro kwa 2025, chisankho chili pafupi, zidamveka kuti MACRA yapangana ndi kampani ya ku Ghana ya Hashcom kuti ibweretse makina a ndalama zokwana 1.5 miliyoni za ku America ounikira nkhani zabodza pa masamba a mchezo. Funso langa ndi losavuta: adzagamula ndani kuti ili ndi bodza, ichi ndi choonadi? Ngati wogamulayo amasankhidwa ndi amene akunenedwayo, ndiye kuti fisi tamusungitsa mbuzi. Anansi athu ationetsa kumene njira imeneyi imathera. Ku Zambia WhatsApp ndi Facebook zidatsekedwa pa tsiku la chisankho mu August 2021. Ku Uganda intaneti yonse idazimitsidwa mu January 2021. Kutsidya kwa nyanja yathu yomweyi, ku Mozambique, intaneti ya m'mafoni idadulidwadulidwa anthu atayamba zionetsero pambuyo pa chisankho cha October 2024.

Sikuti zonse ndi mdima. M'chaka cha 2022 aphungu adachotsa m'malamulo mlandu woukira boma ndi mawu. Mu July 2025 oweruza atatu a bwalo lalikulu, pamlandu wa Joshua Chisa Mbele amene ankaimbidwa mlandu woipitsa mbiri ya yemwe adali mkulu wa asilikali, adagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Tanthauzo lake ndi lakuti amene waipitsidwa mbiri akasume yekha kubwalo kuti alipidwe, asatume apolisi. Chigamulo chimenechi ndi chamtengo wapatali. Koma chidzakhala chopanda ntchito ngati khomo limene oweruza atseka kumaso, apolisi azilowera kuseri kudzera m'lamulo la 2016.

Tsono zimene ndikupempha ndi izi. Aphungu, kuyambira athu a kuno ku Nkhotakota, akonze magawo otambasuka a lamuloli kuti azigwira woopseza moyo wa mnzake, wolimbikitsa ziwawa, wakuba ndi womwaza zithunzi zamseri, ndipo anene mosabisa kuti kudzudzula kapena kuseka munthu wa udindo si mlandu. MACRA ndi makampani a mafoni aike nzeru ndi ndalama zawo pa kutsata akathyali ndi kubwezera obedwa. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, lifike mpaka kukhonsolo, kuti mndandanda wa olandira thandizo uzipachikidwa poyera ndi kuwerengedwa pa wailesi yathu ya Nkhotakota. Munthu amene waona mndandanda ndi maso ake safuna mphekesera. Ndipo msonkho wa 10 peresenti umene udaikidwa pa mauthenga ndi intaneti m'chaka cha 2015 uunikidwenso, chifukwa mtengo wa bandulo nawo ndi loko wa pakamwa pa wosauka.

Nafenso eni mafoni tili ndi gawo lathu. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Uthenga wopanda mwini, wotiuza kuti titumize kwa anthu khumi msanga, tiziuyamba taufunsa kumene wachokera. Mnzathu akalemba bodza timutsutse pagulu pomwepo, ndi umboni, dzina lathu lili poyera. Koma mnzathu akafunsa funso loona lokhudza chimanga, feteleza, msewu kapena chipatala, tisamuuze kuti atimangitsa. Timuthandize kufunsa, chifukwa apolisi angathe kutenga munthu mmodzi, koma sangatenge doko lonse.

Kwa olemba anzanga ndikuti nkhondo iyi ndi yathu. Tisaganize kuti popeza ife timalemba m'mabuku, za pa WhatsApp sizitikhudza. Dzanja limene lagwira mnyamata wa kakanema ndi lomwelo lidzagwire mlakatuli, wolemba sewero ndi wojambula zithunzi zoseketsa m'nyuzipepala. Ufulu umene uli m'gawo 35 sudalembedwere ophunzira okha. Ndi wa msodzi, ndi wa mayi wa pathandala, ndi wa wodula nzimbe ku Dwangwa, ngakhale Chichewa chake chikhale chaukali chotani. M'chaka cha 1960 makolo athu adapereka pakamwa pawo kwa munthu mmodzi kuno ku Nkhotakota, ndipo padatenga zaka zoposa 30 kuti apalandenso. Ife tisapereke pathu kwa wina aliyense, kaya wavala malaya a mtundu wanji.